Wotsuka Makapu a Mgonero

Kumpingo kwathu dzina langa linafa kalekale. Akulu ndi ana omwe amanditchula Amakapu, ndipo ngakhale abusa atsopanowa, tsiku limene anafika, anandipatsa moni ndi dzina lomwelo ngati kuti ndinabatizidwa nalo. Sindiwaimba mlandu. Ukakhala zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ukutsuka timakapu ta mgonero, anthu akamakuyang'ana amangoona beseni ndi chopukutira.

Pakati pa sabata ndimasoka. Tili awiri m'kasitolo kopanikizana, makina anga pafupi ndi chitseko, a mnzanga kumbuyo, pansi pa shelefu ya ulusi. Mnzangayo timamutcha Wayilesi, chifukwa akayatsidwa m'mawa sazima mpaka titatseka. Koma kamodzi pamwezi, Loweruka loti mawa lake kuli mgonero, ndimavundikira makina masana, n'kutenga kiyi, ulendo wa kutchalitchi.

Kuseri kwa guwa kuli kachipinda kamene akhristu ambiri sanapondemo. Muli sinki ya mpopi wodontha, kabati ya mathireyi, tebulo lopendekeka lomwe ndinalipachikira kachidutswa ka katoni pansi pa mwendo, ndi mpando umodzi wopanda chotsamira. Zenera lake lili m'mwamba kwambiri, moti umangoona thambo ndi waya wa magetsi. M'menemo ndimasita nsalu zoyera za pagome, ndimadula buledi m'tizidutswa tofanana, ndipo ndimakweza kakapu kalikonse kuyang'ana kuwala, kuti munthu asadzacheke mlomo ndi galasi losweka. Lamulungu m'mawa ndimathira vinyo ndi kaketulo ka mlomo wosongoka. Dzanja langa limadziwa lokha polekezera.

Loweruka limene ndikunenali ndinali nditamanga kale mtima kuti mawa lake ndi tsiku langa lomaliza. Sindikunena kusiya makapu kokha ayi. Ndinafuna nditsuke komaliza, ndipachike kiyi pamsomali, ndituluke pakhomo la kuseri, ndisadzapondenso m'tchalitchi, kaya ichi kaya china. Chifukwa chake n'chochititsa manyazi kuchinena. Ine amene ndinkakonzera mgonero anthu mazana anayi ndinali nditatha zaka zinayi osalandira mgonero.

Zinayamba ndi madalitso, monga amayambira mavuto ambiri a mumpingo. Anthu anachuluka. Timakapu tinalipo mazana awiri ndi makumi anayi, mathireyi asanu ndi imodzi, koma olandira anafika mazana anayi. Akulu a mpingo anakhala pansi, nagwirizana nzeru yawo yakuya: mathireyi akazungulira mabenchi akutsogolo azibwerera kwa Amakapu, atsuke msangamsanga, athirenso vinyo, kenako apite ku mabenchi akumbuyo. Anati n'zongoyembekezera, miyezi iwiri kapena itatu. Izi zisanayambe ndinkakhala pabenchi yachitatu pakati pa amayi anzanga, n'kulandira ngati wina aliyense. Kuyambira mwezi umenewo, nthawi yonse ya mgonero ndimakhala nditawerama pasinki.

Tsono kwathu mgonero sudzipatsa wekha. Akulu amagawira anthu benchi ndi benchi, abusa amagawira akulu, ndipo pomaliza alembi a mpingo amagawira abusa. Palibe amene amatambasula dzanja n'kudzitengera, ngakhale atakhala ndani. Ndi mwambo wabwino, ndipo mpaka lero ndimaukonda. Vuto lake n'lakuti kachipinda kanga si benchi.

Mwezi woyamba ndinati aiwala, ndi anthu. Mwezi wachiwiri ndinachita manyazi kunena, poopa kuoneka ngati mwana wolirira chakudya. Wachitatu, ndinene zoona, kunali kunyada. Ndinati ndione kuti adzazindikira liti. Chaka chitatha ndinali nditasiya kuyesa akulu a mpingo, ndinayamba kuyesa Mwini wake. Ndinkati ngati amaonadi zochitika m'tizipinda ta kuseri, atuma munthu. Jagi ya vinyo ili m'manja mwangamu, buledi wotsala ali patebulo, koma sindinalawepo ngakhale kadontho. Ndinkadikira, ndipo palibe anabwera.

Kutopa kwa thupi ndimakudziwa, umagona n'kudzuka bwino. Uku kunali kwina. Kunyumba ndimakhala ndekha chimwalirire bambo a mwana wanga, zipinda ziwiri ndi kakhitchini. M'mawa uliwonse ndinkagwadabe pambali pa bedi monga mwa masiku onse, mawu n'kumatuluka ndithu, koma zinali ngati makina akuyenda opanda ulusi: singano ikubaya, phokoso lilipo, ukatukula nsalu palibe chasokedwa. Baibulo ndinkalitsegula, maso n'kumayenda pamizere, mutu uli ku mpendero wa siketi ya kasitomala. Nyimbo ndinasiya kuimba osadziwa kuti ndasiya liti. Masabata opanda mgonero ndinkakhala pabenchi n'kumangotsegula pakamwa kuti oyandikana nawo asandifunse.

Choipa kwambiri, ndinayamba kudana ndi anthu amene ndinkawatumikira. Kakapu kakabwera kali psuu ndi zopaka milomo, ndinkakakwecha ndikutukwana chamumtima. Tsiku lina ndinapeza chingamu chomatidwa pansi pa thireyi, ndipo ndinafunira mwini wake zinthu zimene mkhristu sayenera kufunira ngakhale galu. Milomo mazana anayi inkadutsa m'manja mwanga mwezi ndi mwezi, ndipo palibe umodzi unandifunsa ngati ndalandira. Pamsonkhano wa pachaka ankandiimiritsa, alembi n'kunena kuti, "Taonani Amakapu, sadandaula, sajomba." Anthu n'kuwomba m'manja. Chaka china anandipatsa ambulera.

Ndiye Loweruka limenelo nditayamba kuvundikira makina, Wayilesi anatukula mutu, mapini ali pakamwa.

"Mwayambanso? Diresi la mkwatibwi uja simunamalize mpendero."

"Ndidzamaliza Lolemba."

"Asisi inu, kumwamba adzakulandirani ndi beseni. Adzati wafika uja, angelo kapumeni."

Anaseka yekha mpaka mapini anagwa. Ine ndinasekako pang'ono poopa mafunso. Wayilesi sapita kutchalitchi kulikonse, koma amadya bwino, amagona tulo, amaseka mpaka misozi. Tsiku limenelo ndinamuyang'ana ndi nsanje yeniyeni.

Ndinayenda wapansi. Ndinadutsa pa owotcherera zitsulo, pa malo otsukira magalimoto pamene madzi a thovu amayenderera mumsewu, ndi pa sitolo ya buledi, pomwe mtsikana wogulitsa anandipatsa mikate yanga isanu ndi umodzi ndisananene kanthu. Tchalitchi cha Loweruka masana chimakhala zii. Mabenchi ali mbuu ndi fumbi, panja wina akusesa, mbalame zikukangana pansi pa malata. Kale ndinkalikonda bata limeneli, ndinkaimba ndekha ndikusita. Tsopano ndinkangomva mpopi uja ukudontha.

Ndili mkati modula buledi foni inalira. Anali mwana wanga, amene anakwatiwa kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi.

"Amayi, muli kuti? Mawu anu akumveka ngati muli m'chitsime."

"Ndili kutchalitchi."

"Makapu?"

"Makapu."

"Kodi mumpingo wonsewo mulibe atsikana? Msana wanuwo mwaiwala zomwe ananena adokotala?"

"Ndisiya," ndinatero. "Mawa ndi komaliza."

Anasangalala. "Zoona, Amayi? Ndiye bwinotu. Muzikakhala pabenchi ngati anzanu, muziimba. Paja mawu anu aja!"

Sindinamuuze kuti pabenchipo sindikakhalapo. Mwana ameneyu anaphunzira kupemphera ali pamiyendo pangapa, ndipo ana ake amawaphunzitsa ndi mawu omwe ndinamuphunzitsa ine. Ndikanayamba bwanji kumuuza kuti amayi ake auma gwa? Ndinamufunsa za chifuwa cha mdzukulu wanga, tinatsanzikana, ndinapitiriza kudula. Tizidutswa tinatuluka tofanana ngati masiku onse, chifukwa manja sadziwa za mumtima.

Lamulungu ndinafika m'mawa anthu asanabwere. Ndinathira vinyo, ndinayala gome, ndinaphimba zonse ndi nsalu yoyera, ndinabwerera m'kachipinda n'kumanga epuloni. Chiyambire kutsuka kawiri, mapemphero a mgonero ndimawadziwa ndi makutu okha, kudzera pakhoma. Kwaya ikakhala pansi mabenchi amalira. Abusa akatsika paguwa thabwa lachiwiri limalira. Kenako pamabwera pemphero lalitali lodalitsa buledi ndi vinyo, ndipo likatha alembi amandibweretsera majagi awiri oti ndithirire ulendo wachiwiri.

Pemphero lija lili mkati, ndinamva munthu akutsokomola pafupi ndi chitseko changa. Chinali chifuwa chozama, chokana kutha. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono, ndipo analowa Aphunzitsi, dzanja lina pakamwa, lina pandodo.

Aphunzitsiwa ndi mkulu wa mpingo wopuma, wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. Theka la mpingo linaphunzira kuwerenga m'manja mwawo, ndipo azibambo a imvi amakonzabe kolala akawaona. Anasiya kunyamula thireyi zaka ziwiri zapitazo manja atayamba kunjenjemera. Amakhala pabenchi ya m'mbali pafupi ndi guwa chifukwa makutu anayamba kuvuta, ndiye chifuwa chitawagwira, khomo lapafupi lothawira kuti asasokoneze pemphero linali langali.

"Pepani, mayi," anatero movutikira. "Ndingopumako pang'ono."

Ndinawakhazika pampando uja, ndinawatungira madzi m'kapu ya pulasitiki. Sindinathe kuwasamalira kuposa apo, chifukwa nthawi yomweyo mpingo unati ameni, alembi analowa ndi majagi, ndipo posakhalitsa mathireyi anayamba kubwerera.

Amene sanaonepo ntchito imeneyi amayesa ndi yaulemu ndi yodekha. Ndi liwiro lokhalokha. Thireyi ikafika umakhuthulira timakapu makumi anayi m'beseni, kutsuka, kupukuta, kubwezera m'mabowo ake, kuthira, kupereka, ina yafika kale. Akulu amalowa ndi kutuluka ndi masuti awo akuda, maso ali pathireyi.

"Fulumirani, Amakapu, kumbuyo kwadzaza lero," anatero alembi.

Mkulu wina, wogulitsa matayala, ataona Aphunzitsi anawerama pang'ono. "Aphunzitsi, mwabisala kuno? Chifuwa eti? Pepanitu." Anatenga thireyi yake natuluka. Wina anawagwira paphewa podutsa. Wachitatu anawanong'oneza kuti awaperekeza kunyumba pagalimoto. Onse anawaona, onse anawachitira ulemu, ndipo aliyense anatuluka ndi timakapu makumi anayi todzaza osaganiza zowapatsa kamodzi.

Thireyi yomaliza itatuluka, m'kachipinda munagwa bata. Msana unkandiwotcha. Timakapu togwiritsidwa ntchito tinayamba kubwerera, ndipo popeza panalibenso chothamangira, ndinangotiunjika m'beseni. Kuseri kwa khoma kwaya inkang'ung'udza nyimbo yapansipansi. Aphunzitsi anali atakhala mowongoka, ndodo pakati pa miyendo, manja awiri atawasanjikiza pamwamba pake ngati mwana wa sukulu wodikira kuitanidwa.

"Ndiye amabwera nthawi yanji muno?" anafunsa.

"Ndani?"

"Otigawira."

Ndinatsegula mpopi kuti ndioneke wotanganidwa. "Sabwera."

"Mwati bwanji? Makutuwa, mayi."

Ndinatseka mpopi. "Ndati sabwera, Aphunzitsi."

"Lero?"

"Sabwera."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali kuyang'ana thovu m'beseni.

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire kutsuka kawiri."

Ndinawaona akuwerenga ndi zala zonjenjemerazo pamwamba pa ndodo. Anafika pa chala chachinayi, naima. Nkhope yawo inagwa.

"Zaka ziwiri mwa zimenezi," anatero pang'onopang'ono, "amene ankalowa pakhomo ili ndi thireyi ndine. Ndinkakuuzani kuti mufulumire." Anapukusa mutu. "Ine ndinkayesa alembi amakupatsani pomaliza."

"Mwina alembi ankayesa ndinu."

"Nanga inuyo pakamwa panali patatupa? Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mayi."

"Si manyazi okha."

"Nanga chiyani?"

Sindikudziwa chifukwa chake ndinawauza. Mwina n'chifukwa choti ndinali nditatsanzika kale mumtima, ndipo munthu wa paulendo saopa kunena. "Ndinkafuna ndione ngati Iye amaona," ndinatero. "Ndinkati akandifuna pagome pake, atuma munthu."

Ndinayembekezera chidzudzulo, chifukwa Aphunzitsi sankanyengerera mwana wolakwa. Koma anangofunsa kuti, "Ndiye mwapeza zotani?"

"Ndapeza kuti lero ndi tsiku langa lomaliza. Ndatopa, Aphunzitsi. Kupemphera sindithanso. Ndikamatsuka timakaputi ndimatukwana anthu a Mulungu. Kulibwino ndizikhala kunyumba."

Anagwira ndodo mwamphamvu nayesa kuimirira. "Ndikawaitane abusa." Anadzuka theka, chifuwa chinawagwiranso, nagwera pampando. Chinawagwedeza thupi lonse mpaka misozi inatuluka. Ndinawagwira msana, ndipo pansi pa jekete ndinangomva mafupa. Jekete limenelo ndinali nditalichepetsa kawiri chaka chomwecho, ndipo linali litayambanso kulendewera m'mapewa. Wosoka amadziwa zinthu zimene achibale amabisa.

Kuseri kwa khoma ndinamva mapazi a akulu akusonkhana kutsogolo. Inali nthawi yoti abusa awagawire. Pakatha apo alembi agawira abusa, nsalu iphimba gome, basi zatha.

"Musavutike ndi ine," anatero Aphunzitsi atapeza mpweya. "Zanga zilibe kanthu. Ndidzalandira mwezi wa mawa, ngati chifuwachi chidzandisungire."

Mawu amenewo ndi amene anandiyatsa moto. Zaka zinayi ndinali nditameza zanga, koma izi zinandikanika kukhosi. Nkhalamba imene inanyamula thireyi zaka makumi atatu, yakhala pano mapemphero onse, yalonjeredwa ndi akulu asanu ndi mmodzi, ndiye ipite kunyumba chimanjamanja kukadikira mwezi umene mwina siidzauona? Ndinapsa mtima moti sindinaganize za epuloni, kapena za manja a thovu. Ndinakankha chitseko cholowera kuguwa, chimene sindinatulukirepo mapemphero ali mkati.

Kuwala kunandithobwa m'maso. Anthu mazana anayi anali atakhala phee, mitu yowerama. Abusa ndi alembi anali atagwira kale nsalu yoyera, uyu mbali iyi, uyu mbali iyo, kuti aphimbe gome.

"Abusa," ndinatero, "kuseriku kuli munthu sanalandire."

Ndinafuna kunong'ona, koma pagome panali maikolofoni yoyatsa. Mawu anga anatulukira m'masipika onse mpaka kukhonde. Kwaya inadukiza nyimbo. Mitu yonse inadzuka. Ndinaona amayi a pabenchi yachitatu akugundana zigongono.

Abusa athuwa ndi wachinyamata, msinkhu wa mwana wanga, ndipo anali atangotha miyezi isanu ndi iwiri pampingopo. Sanafunse kanthu. Anasiya nsalu, anatenga mbale ya buledi, anayang'ana m'thireyi ya akulu. Munali mutatsala kakapu kamodzi kodzaza. Anakatenga nanditsatira, ndipo alembi ndi akulu awiri anabwera pambuyo n'kuima pakhomo, chifukwa m'kachipindamo simukwana anthu asanu.

"Aphunzitsi, tikhululukireni," anatero abusa akuwerama. "Landirani."

Aphunzitsi anatola kachidutswa ka buledi, koma sanakaike pakamwa. Anakagwira m'manja monjenjemeramo.

"Abusa, tili awiri."

Abusa anacheuka. Anayang'ana kuseri kwa chitseko, anayang'ana kumbali kwa kabati. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, anafunafuna munthu wachiwiriyo m'kachipinda kotalika mapazi asanu, ine nditaima pamphuno pawo. Chinandibaya kuposa zaka zinayi zonse zija. Kenako maso awo anafika pa ine, ndipo ndinaona akuzindikira.

"Inu simunalandire lero?"

"Afunseni za mwezi watha," anatero Aphunzitsi. "Afunseni za chaka chatha. Chiyambire kutsuka kawiri, mayiwa sanagawiridwepo. Ndipo woyamba kulakwa ndine."

"Zosatheka," anatero alembi pakhomo. "Ine ndimayesa amangodzi..." Anadukiza okha, chifukwa ndi iwo amene amaphunzitsa achinyamata kuti mgonero sudzipatsa wekha. Anayang'ana wa matayala uja, wa matayala anayang'ana mnzake, mnzakeyo anayang'ana nsapato zake.

Abusa sanalalikire, ndipo pa chimenecho ndimawayamikira. Anapereka kakapu kaja kwa alembi kuti agwirire Aphunzitsi, anaika mbale patebulo, nayang'ana uku ndi uku kufuna kakapu kena. Kabati inali mbee. Timakapu tonse tinali m'beseni ndi m'mathireyi, todetsedwa.

"Mayi, khalani pansi," anatero.

Panalibe pokhala. Wa matayala anathamangira kreti ya mabotolo imene inali pansi pa sinki, anaitembenuza, naipukuta ndi mpango wake wa m'thumba. Ndinakhalapo. Abusa anakwinya mikono ya mkanjo wawo, napita pasinki yanga.

Sindinaonepo munthu wotsuka moipa chotero. Anathira sopo wokwanira mathireyi atatu pa kakapu kamodzi. Mkono umodzi wa mkanjo unatsetsereka n'kulowa m'beseni. Kakapu kanawapulumuka, anakagwirira m'malere. Ndinadzuka ndisanadziwe kuti ndadzuka.

"Abusa, patseni kuno, satsuka choncho."

Aphunzitsi anandigwira epuloni. Mphamvu analibe, koma mawu anali a m'kalasi. "Khalani pansi, mayi. Lero musagwire kanthu."

Ndinakhala. Manja anga anali pamiyendo, opanda chogwira, ofiira ndi madzi, ndipo sindinadziwe pomwe ndingawaike. Pa zonse za tsiku limenelo, chovuta kwambiri chinali chimenechi. Ndinazindikira kuti kutumikira ndinkakutha, kukwiya ndinkakutha, koma kukhala pansi kuti wina andichitire kanthu ndinali nditaiwala. Ndiponso ndinachita mantha. Ndinaopa kuti ndilandira, ndimeza, ndipo m'kati mukhalabe mouma monga mwa masiku onse. Pamenepo ndikanasowa wonamizira, chifukwa akulu a mpingo akanakhala atachita mbali yawo.

M'tchalitchi munali chete, anthu osadziwa chimene chikuchitika. Kenako mayi wina, sindikudziwa ndani, anayambitsanso nyimbo ija pansipansi, ena anamulandira, mpaka inadzaza nyumba yonse. Zaka zinayi ndinkaimva kudzera pakhoma. Tsiku limenelo chitseko chinali chotsegula.

Abusa anapendeketsa jagi mpaka anapeza vinyo wotsalira pansi, anathira mopyola muyezo, wina n'kutayikira pazala zawo. Anabwera nawerama kutsogolo kwanga, mkanjo ukudontha madzi pasimenti. Ananena mawu amene amanenedwa pogawa, omwe ndimawadziwa pamtima, koma anawanena pang'onopang'ono, akundiyang'ana kumaso. Ndinatola buledi, kachidutswa kamene ndinadula ndekha dzulo lake ndikuganiza zothawa. Ine ndi Aphunzitsi tinadya pamodzi. Alembi anawagwirizira kakapu pamlomo kuti kasatayike, ndipo abusa anaika kanga m'manja mwanga.

Kanali konyowa kunja, koterera. Nditamwa, m'kamwa monse munadzaza sopo, wowawa mpaka m'mphuno. Ndinameza. Ndinamwa konse mpaka dontho lomaliza, ndipo pamene ndinatsitsa kakapuko ndinali ndikulira, kulira kwenikweni kwa mamina, kumene sindinalirepo chiikire maliro a mwamuna wanga. Sindinganame kuti kumwamba kunatseguka. Msana unkawawabe, mpopi unkadonthabe. Koma pakati pa kulirako ndinapezeka ndikulankhula ndi Iye, osati mawu oloweza a m'mawa aja, koma odandaula, okalipa, ngati a mwana amene wapezedwa atasochera tsiku lonse. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi sindinamve ngati ndikulankhula ndekha.

Palibe anandifulumizitsa. Akulu aja anaima pakhomo ngati ana ogwidwa akuba shuga. Aphunzitsi anali atatsinzina, milomo ikuyenda. Nditapukuta nkhope ndi epuloni ndinaona abusa akadali chiweramire, akudikira, nkhope yodzaza nkhawa.

"Mayi, muli bwino?"

"Abusa," ndinatero, "simunatsukuluze."

Aphunzitsi anaphulika kuseka mpaka chifuwa chinawagwiranso. Wa matayala anabisa nkhope kuseri kwa chitseko. Abusa anayang'ana kakapu, anayang'ana mkono wawo wonyowa, ndipo anamwetulira mwamanyazi.

"Kunyumba amandiletsa kuyandikira sinki," anatero. Kenako anasiya kumwetulira. "Aphunzitsi akundiyang'ana ngati pali zina zimene sindinamve. Sindikufunsani lero. Koma mwezi wa mawa, mukalandira pabenchi, ulendo wachiwiri tidzatsuka ife, mosinthana. Mudzabwera kudzatiphunzitsa?"

Ndinayang'ana beseni lodzaza timakapu, ndinayang'ana azibambo anayi aja amene sanagwirepo chopukutira chibadwire. Aphunzitsi ananditembenuzira maso, kudikira yankho langa.

"Loweruka, ikamakwana thuu koloko," ndinatero. "Aliyense abwere ndi epuloni yake."